Kaundula wa Kalabu Atasowa: Phunziro la Kasungidwe ka Zolemba M'kompyuta

M'kope lino la magazini yathu ya pano pa seminale ndafuna kuti tikambirane za kasungidwe ka zolemba m'kompyuta. Ine sindine katswiri ayi. Ndine mnyamata wa Fomu 3 wokonda phunziro la makompyuta, ndipo zimene ndalemba pano ndazitola m'kalasi, m'mabuku, komanso kwathu kufupi ndi Nsaru, kumene ndinaona atsibweni anga akusowa tulo masabata atatu chifukwa cha kachitsulo kochepa ngati foni ya m'manja. Mlandu wake unali wanga, n'chifukwa chake nkhaniyi sindiiwala.

Zimene zinatigwera kwathu

Atsibweni anga ndi mlembi wa kalabu ya alimi m'mudzi mwathu. Monga mudziwa, kuyambira ku Mpingu ndi Namitete mpaka ku Kabudula ndi Nambuma anthu timadalira fodya, chimanga, mtedza ndi soya. Alimi ambiri amatenga feteleza ndi mbewu pa ngongole kudzera m'makalabu, n'kudzabweza akagulitsa zokolola. Ntchito ya mlembi ndi kulemba amene watenga, kuchuluka kwa zimene watenga, ndiponso zimene wabweza. Kale atsibweni ankalemba zonsezi m'kaundula wa chikuto cholimba. Koma mwana wawo amene amagwira ntchito ku Johannesburg atawatumizira laputopu yogwirapo kale ntchito, anayamba kulemba zonse mu Excel, ndipo kaundula uja anamuponya pansi pa bedi.

Pa tchuthi cha Pasaka chaka chatha ndinabwereka laputopu ija kuti ndimvere nyimbo. Ndinalowetsamo fulashi imene ndinapita nayo kwa anyamata obena nyimbo ndi mafilimu pa msika, osadziwa kuti pamodzi ndi nyimbozo ndatenganso vayirasi. Patapita masiku awiri laputopu inayamba kuchedwa, kenaka inakaniratu kutsegula Windows. Tinapita nayo kwa munthu wina wokonza makompyuta. Iye anati vuto ndi laling'ono, angoikamo Windows yatsopano. Sanatifunse ngati muli zofunika, ifenso sitinanene kanthu. Paja amati safunsa anadya phula.

Madzulo laputopu inabwera ikuthamanga ngati yatsopano. Atsibweni atatsegula kuti aone kaundula wa kalabu, anapeza mulibe chilichonse. Wokonza uja anali atafomata hard disk yonse, ndiko kunena kuti anaisesa yonse asanaikemo Windows. Zolemba za zaka ziwiri zinapita, ndipo apa n'kuti nyengo yogulitsa fodya ndi kubweza ngongole itayandikira.

Nkhani itamveka m'mudzi, ena anayamba kunena kuti iwo anamaliza kale kubweza ngongole yawo. Enanso anati mlembi wafufuta dala kaundula pofuna kubisa ndalama zimene wadya. Atsibweni sanandikalipire. Anangoti, "Mphwanga, madzi akatayika saoleka, tiye tione chochita." Mawu amenewa anandipweteka kuposa chikoti.

Amene anatipulumutsa ndi msungichuma wa kalabu, mayi wachikulire amene sakhulupirira makina. Iwo ankalemba ndalama iliyonse imene alandira m'kope la ana a sukulu, n'kulikulunga m'jumbo, n'kulisunga m'bokosi la zovala. Ndi kope limenelo pamodzi ndi malisiti amene alimi ena anasunga, tinalembanso kaundula usiku ndi usiku. Komabe panali ngongole zina zimene umboni wake sunapezeke, ndipo atsibweni anagulitsa mbuzi yawo kuti atseke dzenjelo ndi kuyeretsa dzina lawo.

Nditabwerera kuno ndinafunsa aphunzitsi athu a makompyuta ngati panali njira yopewera zimenezi. Iwo anati njira zilipo zitatu, ndipo iliyonse imateteza ku tsoka lakelake. Ambiri amazisokoneza, n'kumaganiza kuti akachita imodzi ndiye kuti atetezeka ku zonse. Tisanazione, tiyambe tadziwa chinthu chimene tikufuna kutetezacho.

Kodi hard disk n'chiyani?

Hard disk ndiyo nkhokwe ya kompyuta. Makalata, zithunzi, nyimbo, mapulogalamu ndi Windows imene, zonse zimakhala m'menemo ngakhale kompyuta itazima. Hard disk yoyamba inapangidwa ndi kampani ya IBM mu 1956. Inali ndi mbale 50 zikuluzikulu ndipo inkasunga zilembo pafupifupi 5 miliyoni zokha, malo amene lero angadzaze ndi chithunzi chimodzi kapena ziwiri za pafoni.

Masiku ano pali mitundu iwiri. Mtundu wakale uli ndi timbale tozungulira mwaliwiro, kawirikawiri maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndipo kamutu kowerenga kamayandama pamwamba pa timbaleto osatikhudza. Mpata wake ndi wochepa kwambiri kuposa tsitsi la munthu. N'chifukwa chake laputopu ikagwa iri kugwira ntchito, kapena mukainyamula pa kabaza mumsewu wa mabampu musanaizimitse, kamutu kaja kangathe kukanda mbale ndi kuononga zolemba. Mtundu watsopano umatchedwa SSD. Uwu ulibe chozungulira, umasunga zinthu m'timachipu monga m'mene ichitira fulashi. Suopa kugwedezeka kwenikweni, koma nawonso umatha, ndipo nthawi zina umafa mwadzidzidzi osayamba wapereka chizindikiro.

Mfundo yoyamba kuigwira ndi iyi: hard disk iliyonse idzafa tsiku lina. Chimene sitidziwa ndi tsiku lake basi.

Pali chinthu chinanso chofunika kudziwa. Mukafufuta fayilo pa hard disk ya timbale, kompyuta imangochotsa dzina lake pa mndandanda n'kunena kuti malo aja ndi opanda mwini. Zolembazo zimakhala zikadalipo mpaka zina zitalembedwa pamwamba pake. Motero mukafufuta chinthu molakwitsa, lekani kugwiritsa ntchito kompyutayo nthawi yomweyo. Pali mapulogalamu aulere monga Recuva ndi PhotoRec amene angathe kubweza zina. Ife sitinkadziwa zimenezi, ndipo Windows yatsopano pamodzi ndi zina zimene tinaikamo pambuyo pake zinalembedwa pamwamba pa kaundula uja. Pa SSD mwayi wobweza ndi wochepa, chifukwa iyo imasesa yokha malo ofufutidwa mwamsanga.

Njira yoyamba: kugawa hard disk m'zipinda

Hard disk imodzi ingathe kugawidwa m'zigawo zingapo, ndipo chigawo chilichonse chimatchedwa partition. Kompyuta imaona chigawo chilichonse ngati disk yapayokha n'kuchipatsa chilembo chake, monga C, D kapena E. Mwina munadabwapo kuti bwanji Windows imakhala pa C. Chifukwa chake n'chakuti zilembo A ndi B zinali za ma floppy disk amene makompyuta akale ankagwiritsa ntchito.

Tiyerekeze ndi nyumba. Laputopu ya atsibweni inali ngati nyumba ya chipinda chimodzi, m'mene munali moto wophikira, mphasa zogonera ndi matumba a chimanga. Wosesa atabwera anatulutsa zonse. Mukadakhala chipinda chachiwiri chosungira matumba, iye akadasesa kophikira kokha. Chomwecho, Windows ndi mapulogalamu zikakhala pa C, zolemba zanu n'kukhala pa D, wokonza angathe kufomata C ndi kuikamo Windows yatsopano popanda kukhudza D. Njira imeneyi yokha ikadapulumutsa kaundula wa kalabu, bola tikadamuuza wokonzayo kuti asakhudze D.

Kumayambiriro kwa disk kumakhala kandandanda kosonyeza pamene chigawo chilichonse chayambira ndi pamene chathera. Kalembedwe kakale ka kandandandaka kamatchedwa MBR, ndipo kanayamba mu 1983. Kamalola zigawo zikuluzikulu zinayi zokha, ndipo sikatha kugwiritsa ntchito malo opitirira pafupifupi 2 TB. Kalembedwe katsopano ndi GPT, kamene mu Windows kamalola zigawo zokwana 128, ndipo kamasunganso kope lachiwiri la kandandanda kaja kumapeto kwa disk.

Pofuna kugawa disk mu Windows simusowa kugula pulogalamu ina. Dinani batani la kumanja la mausi pa Start, sankhani Disk Management. Pa chigawo cha C dinaninso batani la kumanja n'kusankha Shrink Volume, ndipo lembani kukula kwa malo amene mukufuna kudula. Malo otsalawo adzaoneka opanda mwini. Pamenepo sankhani New Simple Volume, muwapatse chilembo D. Pa disk ya 500 GB mungathe kusiyira C pafupifupi 150 GB, zotsalazo zikhale za D. Pambuyo pake pitani pa foda ya Documents, tsegulani Properties, kenaka Location, ndi kuisamutsira ku D. Mukaiwala zimenezi, zolemba zanu zizipitabe ku C monga kale, chipinda chatsopano chija chiri mbee.

Machenjezo ndi awiri. Musanayambe kugawa, koperani zofunika zonse pena pake, ndipo onetsetsani kuti batire ndi lodzaza, chifukwa magetsi akathima ntchito iri pakati mungathe kuononga zonse. Chachiwiri, mudzaona tizigawo ting'onoting'ono tolembedwa EFI kapena Recovery. Timeneto musatifufute, ndi timene timathandiza kompyuta kuyaka ndi kudzikonza.

Tsono mvetsani malire a njirayi. Zipinda ziwiri zija ziri pansi pa denga limodzi. Nyumba ikapsa, zipinda zonse zimapsa. Hard disk ikafa, C ndi D zimafera limodzi. Laputopu ikabedwa, wakuba amatenga zonse. Vayirasi yolusa nayonso siona malire a zigawo, imalowa C ndi D yemwe.

Njira yachiwiri: ma disk ogwirira ntchito pamodzi

Nanga disk yeniyeniyo ikafa? Apa ndi pamene pamabwera njira yotchedwa RAID. Dzinali linatchuka mu 1988 pamene David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz a pa yunivesite ya California ku Berkeley anafalitsa kafukufuku wawo wosonyeza kuti ma disk ang'onoang'ono otsika mtengo, akalumikizidwa mwanzeru, angathe kugwira ntchito ya disk imodzi yaikulu yodula. Mutu umodzi susenza denga. RAID iri ndi mitundu ingapo, koma ife tione itatu.

RAID 0 imagawa fayilo iliyonse m'zidutswa, china pa disk iyi, china pa disk iyo. Kompyuta imathamanga kwambiri, koma disk imodzi ikafa zonse zatayika, pakuti fayilo iliyonse yatsala theka. Mtundu uwu suteteza kanthu, ndipo ndautchula kuti dzina lisakunamizeni.

RAID 1 imafuna ma disk awiri. Chilichonse cholembedwa pa disk yoyamba chimalembedwanso pa yachiwiri nthawi yomweyo, monga zichitikira polemba lisiti ndi pepala la kaboni. Imodzi ikafa, kompyuta imapitiriza ntchito ndi inzake, inu n'kugula ina yolowa m'malo. Kuipa kwake n'kwakuti mukagula ma disk awiri a 1 TB, malo ogwiritsa ntchito ndi 1 TB yokha.

RAID 5 imafuna ma disk osachepera atatu, ndipo nzeru yake ndi ya masamu. Tiyerekeze kuti pa disk yoyamba talemba 7, pa yachiwiri talemba 5, ndipo pa yachitatu talemba kuphatikiza kwake, 12. Disk yachiwiri ikafa, tichotsa 7 pa 12 ndipo 5 wathu wabwerera. Yoyamba ikafa, tichotsa 5 pa 12. Kompyuta imachita masamu ofanana ndi amenewa ndi manambala ake a 0 ndi 1, ndipo zowerengera zothandiza kubweza zija imazimwaza pa ma disk onse. Ndi ma disk atatu a 1 TB mumapeza malo a 2 TB. Koma akafa awiri nthawi imodzi, masamu aja sathekanso.

RAID imapezeka kwambiri m'makompyuta akuluakulu otchedwa ma server, monga a m'mabanki ndi m'zipatala, kumene ntchito siyenera kuima chifukwa cha disk imodzi. Pa kompyuta ya pa desiki yokhala ndi ma disk awiri apadera, Windows iri ndi chida chotchedwa Storage Spaces chimene chimachita zofanana ndi RAID 1. Malaputopu ambiri ali ndi malo a disk imodzi yokha, choncho kwa ambiri a ife njirayi ndi yongoidziwa.

Nayonso iri ndi malire. Pepala la kaboni limakopera chilichonse, cholondola ndi cholakwika chomwe. Mukafufuta kaundula molakwitsa, amafufutika pa ma disk onse awiri m'kamphindi komweko. Vayirasi ikaononga fayilo, imaonongeka ponseponse. Mphenzi ikalowera m'mawaya a magetsi nyengo ya dzinja, ingathe kuotcha ma disk onse, poti ali m'bokosi limodzi. RAID imateteza ku imfa ya disk basi.

Njira yachitatu: kope losungidwa kwina

Njira imene imatseka mipata yonse imene yatsala ndi imene msungichuma uja anachita osadziwa dzina lake: kukhala ndi kope lina, losungidwa pamalo ena. Pa chingerezi amati backup.

Chitsanzo chabwino tiri nacho pafupi. Ambiri a ife timadutsa pa Chitedze tikamayenda mumsewu wa ku Mchinji. Pamalo ofufuzira za ulimi amenewa pali nkhokwe ya dziko yosungira mitundu ya mbewu zathu, monga chimanga cha makolo, mapira, mawere ndi nzama. Akatswiri a mbewu sadalira nkhokwe imodzi. Maiko a SADC ali ndi nkhokwe ina yaikulu pafupi ndi Lusaka ku Zambia, kumene maiko amatumizako gawo la mbewu zawo kuti zisungidwe. Ndiponso mu 2008 kunatsegulidwa nkhokwe ya dziko lonse lapansi m'kati mwa phiri lozizira pa zilumba za Svalbard ku Norway. Ntchito yake inaoneka mu 2015, pamene bungwe la ICARDA, limene nkhokwe yake inali ku Aleppo m'dziko la Syria, linalephera kugwira ntchito kumeneko chifukwa cha nkhondo. Linakatenga mbewu zimene linasungitsa ku Svalbard n'kuyambiranso ku Lebanon ndi ku Morocco. Ngakhale agogo athu amachita chimodzimodzi: mbewu ya chimanga amaipachika pamwamba pa moto, kutali ndi nkhokwe imene anankafumbwe angalowemo, ndipo ikavuta amakapempha kwa mbale wa mudzi wina amene anamupatsako chaka chatha.

Mpingo nawonso unazindikira kale kufunika kwa zolemba. Msonkhano wa ku Trent mu 1563 unalamula kuti maparishi azilemba maina a obatizidwa ndi a okwatirana. Lero kanoni 535 ya malamulo a Mpingo imalamula bambo mfumu kusamala mabuku a parishi, ndipo kanoni 491 imati mndandanda wa zosungidwa m'nkhokwe ya zolemba ulembedwe pawiri, kope limodzi likhale pa tchalitchi pomwepo, lina ku dayosizi. Tonsefe tinabwera kuno ndi umboni wa ubatizo wochokera m'mabuku amenewa. Ngati parishi yayamba kulemba maina m'kompyuta, ndi bwino, koma buku lisatayidwe, ndipo za m'kompyutazo zikhale ndi kope lake.

Akatswiri ali ndi lamulo losavuta kukumbukira lotchedwa 3-2-1. Chinthu chofunika chikhale m'makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri yosiyana, ndipo kope limodzi likhale kutali ndi nyumba kapena ofesi yanu. Mwachitsanzo, kope loyamba pa D m'laputopu, lachiwiri pa hard disk yonyamula kapena fulashi, lachitatu pa intaneti kapena kunyumba kwa munthu wina wodalirika.

Kope lachiwirilo lisamakhale lolumikizidwa ku kompyuta nthawi zonse. Pali mtundu wa vayirasi wotchedwa ransomware umene umatseka mafayilo onse amene wawapeza, eni ake n'kumafuna dipo kuti atsegule. Chilichonse cholumikizidwa pa nthawiyo chimatsekedwa. Tisaganize kuti akuba a pa intaneti ndi nkhani ya kunja kokha. Mu Febuluwale 2024 a Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena alowerera makompyuta osindikizira ziphaso zoyendera ndipo akufuna dipo. Ntchito yopereka mapasipoti inaima kwa masabata angapo, ndipo anthu ofuna kupita kunja ku ntchito, ku sukulu ndi ku chipatala anavutika. Motero mukatha kukopera, zulani disk ija muisunge padera.

Kusunga pa intaneti kumathandiza pa kope lakutali. Google Drive imapereka malo aulere a 15 GB. Ena amaopa mtengo wa bandulo, koma zolemba za Word ndi Excel ndi zazing'ono kwambiri. Kaundula yense wa kalabu yathu ndi wochepa kuposa nyimbo imodzi. Komabe kumbukirani kuti chimene timati intaneticho ndi makompyuta a anthu ena, amene nawonso angathe kupsa. Mu Seputembala 2025 moto unabuka pamalo osungira makompyuta a boma ku Daejeon m'dziko la South Korea, ndipo nkhokwe imene ogwira ntchito m'boma ankasungamo mafayilo awo inapsa yopanda kope lina. Ngati zinachitikira dziko lotsogola chotero pa zamakina, ife ndife ndani? Kope la pa intaneti likhale limodzi mwa atatu aja, lisakhale lokhalo.

Yesani kope lanu

Kope limene simunaliyese musalidalire. Mu 1998 kampani ya Pixar ikupanga filimu ya Toy Story 2, wina analakwitsa n'kufufuta mbali yaikulu ya ntchitoyo. Atathamangira ku backup anapeza kuti inali itasiya kugwira bwino ntchito popanda wozindikira. Filimuyo inapulumuka chifukwa mmodzi wa akuluakulu a ntchitoyo, Galyn Susman, anali ndi mwana wakhanda ndipo ankagwirira ntchito kunyumba, choncho kompyuta yake ya kunyumba inali ndi kope.

Kwa ife kuno ngozi ina ndi mafulashi achinyengo. Pali ena olembedwa 64 GB pamene m'kati muli malo ochepa kwambiri. Mukakopera amaonetsa ngati zonse zalowa, koma tsiku lofuna kutsegula mupeza mafayilo ndi oonongeka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pulogalamu yaulere ya H2testw imayesa kukula kwenikweni kwa fulashi. Ndiponso kamodzi pa mwezi tengani kope lanu, mulitsegule pa kompyuta ina, muone ngati zolembazo zikuwerengeka.

Zoyenera kuchita

Choyamba, khalani pansi mulembe zinthu zimene simungazipezenso zitatayika. Nyimbo ndi mafilimu mudzazipezanso. Kaundula wa ngongole, malikisi a ophunzira, maina a akhristu a m'miphakati, zithunzi za agogo amene anatisiya, izi zikapita zapita.

Chachiwiri, gawani disk ndipo zolemba zikhale pa D. Popereka kompyuta kwa wokonza, koperani kaye zofunika, ndipo muuzeni momveka kuti asakhudze D.

Chachitatu, sankhani tsiku lokopera, monga Loweruka lililonse, ndipo pa dzina la foda lembani deti. Musafufute kope la sabata yatha msanga, chifukwa nthawi zina cholakwika chimadziwika patapita masiku.

Chachinayi, samalani ndi magetsi. Kompyuta ya pa desiki ikazima mwadzidzidzi iri kulemba, fayilo ingathe kuonongeka. Amene angathe agule UPS, kabokosi ka batire kopatsa mphindi zingapo zozimitsira kompyuta bwino. Kukayamba ziphaliwali, zulani mawaya ku khoma.

Chachisanu, fulashi yosungira zofunika isamapite kobena nyimbo. Ine ndinaphunzira zimenezi ndi mbuzi ya atsibweni.

Chachisanu ndi chimodzi, makope akachuluka, mwayi woti agwe m'manja olakwika umachulukanso. Kaundula wa ngongole kapena wa odwala ndi chinsinsi cha anthu, ndipo kuyambira 2024 dziko lathu liri ndi lamulo loteteza mbiri ya anthu yosungidwa m'makompyuta, limene bungwe la MACRA limayang'anira. Ikani pasiwedi pa mafayilo otere, ndipo pasiwediyo aidziwe anthu awiri audindo, kuti mmodzi akadwala ntchito isaime.

Pomaliza, zofunika kwambiri zisindikizidwe papepala kamodzi pa nyengo. Pepala limaopa chiswe, madzi ndi moto, koma silidziwa vayirasi ndipo silifuna magetsi.

Mawu otsiriza

Pa tchuthi chachikulu ndinagawa disk ya atsibweni m'zigawo ziwiri, ndipo tinagula fulashi ziwiri zimene tinaziyesa kaye. Imodzi imakhala kwa atsibweni, ina kwa msungichuma, ndipo amasinthana pa msonkhano uliwonse wa kalabu, atakopera zatsopano. Kaundula wa chikuto cholimba uja anatuluka pansi pa bedi. Mwezi wa Novembala Windows inavutanso, ndipo ulendo uno wokonza anafomata C yokha. Atsibweni ananditumizira uthenga kudzera kwa amayi atabwera kudzandiona: "Mukamuuze mphwanga kuti chipinda chija chagwira ntchito." Ndinasangalala, koma ndinawayankha kuti asaleke kukopera, pakuti disk ija ndi yakale ndipo tsiku lake likubwera.

Anzanga, ena a ife, Mulungu akalola, tidzapatsidwa maparishi, masukulu ndi zipatala zoti tiyang'anire. Ena adzakhala aphunzitsi, alembi ndi makolo. Tonse tidzasunga zinthu za anthu ena, ndipo tsiku lina adzatifunsa. Abambo ansembe ndi makolo, pamene mwamaliza kuwerenga, funsani funso limodzi ku ofesi ya parishi kapena kunyumba: kompyuta iyi itafa usiku uno, kope lina liri kuti, ndipo analiyesa liti? Ngati yankho palibe, yambani Loweruka lino. Wakutsina khutu ndi mnansi.